Vwende Lonjenjemera

Kunyumba onse ankamutcha Kachiwala. Mwana ameneyu sankakhala pansi, ayi ndithu! Ankangodumphadumpha.

Kachiwala ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kudziwa kusankha mavwende ngati agogo ake aamuna.

Agogowo ndiwo anayambitsa shopu ya banja lawo. Poyamba anali ndi wilibala imodzi yokha. Kenako anakhoma benchi. Kenako anamanga shopu. Tsopano shopuyo inali yodzaza. Munali tomato. Munali kabichi. Munali nthochi, anyezi ndi malalanje.

Amayi ankagulitsa. Abambo ankanyamula makireti. Koma kusankha mavwende inali ntchito ya agogo basi.

Agogo ankagogoda vwende ndi chala. Go! Go! Go! Ankatchera khutu.

"Ili lapsa," ankatero.

Akalidula, eee! M'kati psuu! Agogo sankaphonya. Kachiwala ankangoti kukamwa yasa.

Tsiku lina kunabwera mayi wina wosoka zovala. Ananyamula vwende lodula pakati. M'kati mwake munali mbuu.

"Agogo, mwandipatsa losapsa," anatero mayiwo.

Amayi a Kachiwala anapepesa. Anawapatsa malalanje m'malo mwake.

Agogo anachita manyazi kwambiri. Anatuluka mwakachetechete. Anakakhala pa kireti kuseri kwa shopu. Kachiwala anawatsatira.

"Agogo, chavuta n'chiyani?"

"Wati chiyani?"

"Ndati, chavuta n'chiyani!"

"Makutu anga atha, mdzukulu wanga. Vwende sindikulimvanso. Paja amati tsabola wakale sawawa. Kuyambira mawa ndizikhala kunyumba."

Kachiwala anamva chisoni. Shopu yopanda agogo? Ayi, zosatheka!

Anathamangira pamulu wa mavwende. Anati ayesere yekha. Anakumbatira vwende limodzi. Anagogoda. Go! Go! Go! Palibe chimene anatolapo.

Anakumbatira lina. Anagogoda. Go! Go! Go!

Iii! Vwendelo linanjenjemera m'dzanja lake!

Anagogodanso. Linanjenjemeranso!

Anabwerera ku loyamba lija. Go! Go! Go! Ilo linangoti zii.

Kachiwala anagubuduza mavwende onse awiri. Anagubuduza, anagubuduza, mpaka pamapazi a agogo.

"Agogo, bweretsani dzanja!" anakuwa.

Anaika chikhatho cha agogo pa vwende loyamba. Anagogoda. Go! Go! Go! Agogo anapukusa mutu.

Anaika chikhathocho pa vwende lachiwiri. Anagogoda. Go! Go! Go!

Agogo anatong'ola maso.

"Tabwereza!" anatero.

Go! Go! Go!

"Ha! Likunjenjemera ngati ng'oma!" anatero agogo. "Zaka zonsezi ndakhala ndikudalira khutu. Dzanja lili pomwepa, ine osadziwa!"

Kenako anaitana mwana wawo. "Mayi a Kachiwala, tabwera ndi mpeni!"

Amayi anabwera ndi mpeni. Abambo anasiya makireti. Onse anazungulira vwende lonjenjemera lija.

Amayi analidula.

Psuu! Lofiira! Lamadzi! Lonunkhira!

"Zoona izi?" anafunsa abambo. Anavula chipewa. Anakanda mutu.

Agogo anadzuka msangamsanga. Anapita okha pamulu paja. Dzanja lina pa vwende. Dzanja lina kugogoda. Go! Go! Go!

"Ilinso lapsa. Dula!"

Psuu!

"Ili nalonso. Dula!"

Psuu!

"Bambo, basi!" anatero amayi akuseka. "Mutidulitsa onse. Nanga tigulitsa chiyani?"

Agogo anaseka mpaka misozi. Onse anakhala pa makireti. Anadya, anadya, anadya. Madzi a vwende ankayenderera mpaka m'zigongono.

Kachiwala anayandikira khutu la agogo.

"Agogo! Mawa mukhala kunyumba?"

"Kunyumba? Ndizikatani kumeneko?" anatero agogo. "Mawa kukubwera lole yodzaza mavwende. Iwe uzigogoda, ine ndizigwira. Tisankha tonse awiri."