Dziwe la Haddou

Madzulo amenewo ndinadzera kwa alamu anga a Bassou, monga mwa nthawi zonse, kuti tikawedze. Mchemwali wanga Itto ndiye anatsegula chitseko.

"Agona, malungo awagwira," anatero, maso ali pansi.

"Alamu!" ndinakuwa. "Mwaopa kuzizira ngati mphaka?"

Ndinanyamula ndodo yanga yowedzera n'kutsetsereka ndekha pakati pa mikungudza.

Chipale chofewa chikagwa kuno kumapiri a Atlasi, nsomba za tirauti sizithamangira nyambo. Zimakhala phee pansi pa madzi akuya, pafupi ndi kasupe pomwe pali kofundirako. Umamangirira kamtovu, nyongolotsi n'kumira, n'kumayenda pang'onopang'ono mpaka kugunda pakamwa pa nsomba. Anandiphunzitsa ndi malemu achimwene anga a Haddou, amene anandisiyira dziwe lawo lobisika kuseri kwa phompho. Ndinalisonyeza munthu mmodzi yekha, Bassou, atalumbira atagwira mkate kuti sauza aliyense.

Ndinafika kukuchita mdima. Ndinaponya. Zii. Ndinaponyanso, chingwe chikuuma ndi kuzizira m'zala.

Kenaka ndinamuona.

Munthu ataima m'kati mwa dziwe, madzi akulekeza m'chiuno. Mkanjo waubweya, chipewa chake chophimba nkhope. Madzi ankadutsa osapatuka. Pakamwa panga pankatuluka nthunzi. Pakamwa pake ayi.

"Mtendere ukhale nanu," ndinatero.

"Wachedwa, Moha."

Mawuwo anali a achimwene.

"Ndinati usauze munthu. Taunika."

Ndinayatsa tochi. M'mphepete monse munali mbuu, tirauti zitayandama chagada, zazikulu ndi tiana tomwe. Pamwala panali chigubu cha mankhwala opopera maapozi. Pachipale, mapazi a anthu angapo ndi a bulu. Bulu wa Bassou amakoka mwendo wakumbuyo, ndipo mzere wake unali pomwepo.

Nditabweza tochi pakati pa dziwe, panalibe munthu.

Sindinagone. Mwana woyamba wa Bassou ndinamutcha dzina ndine. Maliro a achimwene tinanyamula limodzi, phewa ndi phewa.

M'bandakucha anthu ochokera kumzikiti anam'peza Bassou pamlatho, kutali ndi kwawo, wopanda nsapato, mkanjo utauma gwa ndi madzi oundana. Atandiona anakwawira kumbuyo.

"Alamu, auzeni andisiye! Anyamata a m'tauni aja ndiwo anandinyengerera!"

"Ndiuze ndani?"

Anangoloza kumtsinje, mano akugundana.

Itto anandikokera pambali akulira. "Achimwene, ndinakunamizani. Amuna anga anabwera ndi matumba a nsomba dzulo masana, n'kundiuza kuti ndinene za malungo. Koma usiku wina anaitana panja. Ndinawadziwa mawuwo. Ndinafunda kumutu."

Mpaka lero sindiponda pakhomo pawo.

Bassou anachira, koma m'mawa uliwonse wa chisanu amapeza tirauti imodzi pakhomo, yonyowa, makha akuphethirabe. Kumsika amanong'onezana kuti ndimaika ndine.

Ine ndodo yanga ndinaithyola tsiku lomwelo.