Banga la Paphewa la Gilson

Phwando la ku Woodlands linatha mochedwa, ndipo Gilson, yemwe analonjeza kudzamutenga, anali atazimitsa foni. Towela anakoleka kakamera kake m'khosi n'kuuyamba wapansi kulowera ku Kabwata, akunyinyirika njira yonse.

Kakamerako kanali kotchipa, koma mtsikanayu ankakadziwa ngati mwana wobereka yekha. Ankapukuta galasi, kuima dzuwa lili kumsana, kukanikiza zigongono m'nthiti, ndipo zithunzi zake anthu ankazilimbirana. Amene anamukanika anali Gilson yekha, mwamuna woti amange naye ukwati Loweruka lotsatira. Chithunzi chake chilichonse chinkatuluka ndi banga loyera paphewa. Mkuluyo ankangoseka, ati kamera yapasalaula ndi choncho, ndipo Towela, mwana wa eni, ankachita kupepesa.

Atafika pa nyumba ina yosiyidwa, ya mpanda wogumuka, anamva kutsokomola. Anaima. Pageti panali mayi wofunda chitenje kumutu.

"Ba sisi, nikopeniko chithunzi."

Towela anakweza kamera n'kudina. Fulashi inang'anima. Anayang'ana chithunzicho: geti, udzu... ndi banga loyera. Lomwe lija!

"Zimyani flashi," anatero mayiyo motsitsa. "Ndiye chamene simunionela."

Anazimitsa. Kuwala kunalipo n'kwa babu la nyumba ya kutsidya kwa msewu basi. Anakanikiza zigongono. Anagwira mpweya. Anadina.

Nkhope inatuluka bwinobwino. Mayi wachitsikana, wa kachipsera pansi pa diso.

"Manje mwaniona. Mumufunse Gilson chamene anathabila pamalilo."

Towela anadzutsa mutu... pageti panalibe munthu!

Mmene anafikira kunyumba sakumbuka. Kutacha anakwera basi ya ku Chelstone kwa ba Nsofwa, azakhali a Gilson, omwe ankayendetsa zaukwatiwo ndipo ankamutcha kale mpongozi. Ataona chithunzicho, mayiwo anakhala pansi osafuna mpando.

Ananena maso ali kumbali kuti ameneyo ndi Lukonde, mkazi wa Gilson, ndipo anamwalira zaka zapitazo m'nyumba yomwe ija. Kwawo, mwamuna akafedwa amayenera kusudzulidwa ndi abale a malemu kuti mzimu umuleke. Koma Gilson ankamuzunza mkaziyo, moti poopa akuchikazi anathawa maliro asanathe. Kuyambira pamenepo malemuyo sanachoke paphewa pake.

Towela sanalire msanga. Chinamupweteka koposa mzimu chinali kukumbukira maulendo onse amene anapukuta galasi losalakwa, Gilson akumuyang'ana n'kumaseka.

"Ananiuza ati sanakwatilepo. Naimwe ba tata nkazi munali zii?"

"Mwana wanga, tinafuna chabe apumuleko. Bakulu banatiuza ati akapeza mukazi wina, Lukonde azamuleka."

"Amuleke ayende kuti?"

Ba Nsofwa anangoyang'ana paphewa pa Towela n'kugwetsa nkhope.

Mtsikanayo anavula mphete n'kuisiya patebulo. Ali panja anayatsa fulashi, natembenuza kamera kudzilozetsa yekha. Anadina. Kwa nthawi ndithu sanafune kuyang'ana, koma pomaliza anayang'ana.

Banga lija linali litasamukira kale paphewa pake.