Makina Aulere

Telala wina anazimitsa makina usiku utapita kale. Anali mayi wa dzanja labwino, woti akakusokera diresi ngakhale apongozi olusa amayamba kukumwetulira. Makinawo anachita kupatsidwa ndi bwana wa shopu ya zovala. "Ndi anu awa, mayi, aulere," anatero bwanayo tsiku lowapereka, "koma azikhala konkuno, poti kuno magetsi sazima." Mayi wathu anagwada n'kuthokoza mpaka misozi. Kuyambira pamenepo, bwana akati mayunifomu awa athe lero, pakamwa pa telala pankalemera. Munthu wakupatsa makina ungamukanire bwanji? Kunyumba mwana wake wamkazi ankagona mayi asanabwere, n'kudzuka mayi atapita kale.

Usiku umenewo minibasi zinali zitasiya kuyenda, ndiye anauyamba wapansi. Kunena zoona mayi ameneyu anali wolimba mtima. Msana unkamuwawa, maso ankamuyabwa, koma sankadandaula kwa munthu.

Atayandikira mlatho anamva phokoso lomwe ankalidziwa bwino. Tiki-tiki-tiki... Makina osokera! Pamlatho? Anaima. Phokosolo linaleka. Anayenda. Linayambanso.

Anaponya maso kutsogolo.

Pakati pa mlatho panali mayi wina wowonda, atatsamira chitsulo. Anavala diresi labuluu losokedwa mwaluso moti telala, mantha ali apo, anayang'ana mpendero wake n'kugoma. Koma mkono umodzi wa diresilo unali wosalumikiza, unkangogwira ndi mapini.

"Mwaweruka, anzanga?" anafunsa mlendoyo chapansipansi.

"Eya... ndaweruka."

"Chopondera chija chikukakamirabe mukafika pakona?"

Telala anamuyang'anitsitsa. Vuto limenelo la makina ake sanauzepo munthu.

"Anati ndi aulere, eti?" anapitiriza mlendoyo. "Nanga mwana wanu amakutchani ndani?"

"Amayi... amanditcha amayi."

"Wanga anafika ponditcha azakhali." Mlendoyo anakweza dzanja. Zala zinali zobayidwabayidwa ndi singano, koma magazi ayi. "Pitani mukamudzutse wanuyo. Akuoneni nkhope."

Galimoto inatulukira, nyali zake zinawala pamlatho ponse. Panalibe munthu!

Telala analiyatsa liwiro osacheuka. Atafika kunyumba anadzutsa mwana n'kumukumbatira. Mwanayo anamuyang'ana nthawi yaitali ndi maso atulo, ngati akufufuza kumene anamuonapo. Zimenezo zinamupweteka mayiyo kuposa mantha onse a pamlatho.

M'mawa anapita kushopu, anatenga sizasi ndi tepi yake yoyezera, n'kukaima pamaso pa bwana.

"Bwana, mphatso yanu yandilemera. Ndakusiyirani. Ndizikasoka pamanja pakhonde langa."

Bwana analalata, anamutcha wosayamika, antchito onse akumva. Mayi wathu sanagwetse nkhope. Anatsanzika mwaulemu n'kutembenuka. Pamafunika mtima kuti munthu wosauka abweze chinthu chaulere, ndipo iye mtimawo anali nawo.

Panja anakumana ndi wosita zovala, bambo wachikulire amene anakhalitsa pashopupo. Bamboyo anafunsa chomwe chachitika, ndipo telala anafotokoza za mayi wa pamlatho uja. Wositayo anavula chipewa pang'onopang'ono.

"Mwanawe, ameneyo ndi telala wathu wakale. Makina mwasiyawo, woyamba kupatsidwa anali iyeyo. Galimoto inamugunda pamlatho pomwepo akuchokera kuno usiku, zaka zambiri zapitazo. Diresi labuluulo ankadzisokera yekha, ankati adzavala tsiku lopita kokayenda ndi mwana wake. Mpata wolimaliza sanaupeze. Tinamuika m'manda atavala lomwelo, ndi mapini omwe."