Kuno Kulibe Halidi

Anakumana pa renki ya mataxi ku Rustenburg, mu 1996. Malita ankagulitsa mandasi kwa anthu a kumigodi. Halidi, mnyamata wa ku Mangochi, anali msodzi wa m'sitima zikuluzikulu ku Saldanha, ndipo anangobwera kudzaona mbale wake.

"Achemwali, mukuthawa fungo la nsombali kapena ine?"

"Zonse ziwiri!" anatero Malita. Koma anaseka, ndiye kunali kugwa kwakeko.

Halidi ankakhala miyezi iwiri panyanja. Akatsika, manja ali ming'aluming'alu ndi mchere, ankathamangira kuimba foni ya pasitolo ku Bapong, komwe Malita ankachita lendi.

"Mtima wanga, zala zikauma ndi chisanu ndimangotchula dzina lako. Ulendo umodzi wokha, kenako ndikutenga tikaonekere kwanu."

Juni anadutsa, foni zii. Julaye, zii. Malita anafunafuna nambala ya kampani ya sitima za Halidi n'kuimba.

"Halidi? Kuno kulibe. Sitinalembepo munthu wa dzina limenelo."

Ha! Ndiye usodziwo linali bodza? Nanga ukwatiwo? Mtsikana anapsa mtima. Anatentha makalata onse amene Halidi ankamulembera. Tsiku lililonse akamakazinga mandasi ankamutukwana: "Tambwali iwe! Kulikonse uliko, usadzaone mwayi!"

Mu Okutobala kunabwera bambo wowonda, chipewa chili m'manja.

"Alamu, ndine Hassani, mnzake wa Halidi. Ndavutika kukupezani."

"Wakutumani bodza lina? Kamuuzeni akhale ndi mkazi amene wamupezayo!"

Hassani anakhala pansi, pafumbi pomwepo.

"Sitima yawo inamira mu Juni, alamu. Sanapulumuke ndi mmodzi yemwe."

"Musandipusitse! Kukampani anati samudziwa!"

"Angamudziwe bwanji? Ife opanda mapepala timakwera ndi chitupa chobwereka. Iye ankagwira ntchito pa dzina la munthu wina wa konkuno ku Joni. Maliro analengezedwa a munthuyo, yemwe mpaka lero akuyenda bwinobwino. Halidi sanamulire aliyense."

Mafuta ankapserera pamoto, Malita osaona.

"Amati ulendo umenewo ndi womaliza," anapitiriza Hassani. "Anali atatsanzika kale kwa tonse."

"Mayo ine!" Malita anadzigwira kumutu. "Miyezi yonseyi iye ali pansi pa madzi, ine ndili pano kumutemberera? Halidi wanga, ndikapepese kuti? Ngakhale manda ulibe!"