Phee ndi Mapiko a Njuchi

Phee ankapinda zovala pabedi. Ankapinda pang'onopang'ono. Malaya a bambo. Diresi la amayi. Masokosi ake awiri.

Dzina loti Phee anamupatsa ndi amayi ake. Iye sankakonda kulankhula. Ankakonda kumvetsera.

Maso a Phee sankaona zilembo. Ankaona kuwala ndi mdima basi. Choncho kusukulu anamupatsa tabuleti, kakompyuta ka m'manja. M'tabuletimo munali mabuku olankhula. Mawu a mayi wina ankamuwerengera tsamba ndi tsamba.

Tsiku limenelo tabuleti inali pa pilo. Inkawerenga buku la sayansi.

"Mutu wachinayi. Njuchi," anatero mawu aja. "Chithunzi."

Kenako zii.

"Funso loyamba. Onani chithunzi. Kodi njuchi ili ndi mapiko angati?"

Phee anasiya kupinda. Anabwereza tsambalo.

"Chithunzi." Zii.

Anabwerezanso.

"Chithunzi." Zii.

Amayi ankasita zovala patebulo.

"Amayi, njuchi ili ndi mapiko angati?"

"Awiri," anatero amayi. "Kapena anayi. Iii, mwana wanga, ndani amaiyang'anitsitsa njuchi? Ine ndikaiona ndimathawa."

"Ndiigwire ndiwerenge ndekha?"

"Uigwire? Chala chitupa ngati mpira."

Amayi anayang'ana pa tabuleti. Panalibe chithunzi. Panali mawu okha.

Mawa lake Phee anapita kwa aphunzitsi. Analankhula chapansipansi.

"Aphunzitsi, buku langa silinena zimene zili pachithunzi."

Aphunzitsi anali munthu wachifundo. Anamusisita pamutu.

"Usadandaule, mwana wanga. Funso limenelo lisiye. Pita pa lachiwiri."

Anzake anaona chithunzi m'mabuku awo a mapepala. Anzake anawerenga mapiko. Anzake analemba yankho.

Mtsikana wokhala naye pa desiki anamunong'oneza. "Anayi. Lemba anayi."

Phee anapukusa mutu. Yankho analimva. Koma njuchi sanaidziwe.

M'buku la masamu zinali chimodzimodzi.

"Chithunzi." Zii.

"Lisiye," anatero aphunzitsi.

M'buku la mapu zinalinso chimodzimodzi.

"Chithunzi." Zii.

"Lisiye," anatero aphunzitsi.

Lachinayi anaphunziranso sayansi. Aphunzitsi anaima pambali pake.

"Phee, uli pa funso liti?"

"Loyamba."

"Paja ndinati ulisiye."

Phee anapinda manja pachifuwa. Belu linalira. Iye anali adakali pa funso loyamba.

Lachisanu kusukulu kunabwera mlendo. Makolo nawonso anaitanidwa. Amayi anakhala pafupi ndi Phee, kumbuyo kwa kalasi.

"Muli bwanji, ana?" anatero mlendoyo.

Phee anatchera khutu. Mawu amenewa ankawadziwa. Anali mayi aja a m'tabuleti.

"Ine ndi amene ndimawerenga mabuku olankhula," anatero mayiwo. "Ndabwera kudzamva. Kodi mabukuwa ali bwino?"

"Ali bwino kwambiri," anatero aphunzitsi. "Palibe vuto lililonse. Tiyeni tiwaombere m'manja."

Makolo anaomba m'manja. Ana anaomba m'manja. Phee sanaombe.

Anaimirira.

Amayi anamukoka diresi. "Iwe, khala pansi. Ukupita kuti?"

Phee sanakhale pansi. Anayenda akugwira madesiki, imodzi ndi imodzi. Anafika kutsogolo. Anaika tabuleti patebulo. Anadina.

"Chithunzi," inatero tabuleti.

Zii.



"Pamenepa," anatero Phee. "Pamenepa anzanga amaona njuchi. Ine sindimva kanthu."

Aphunzitsi anakhosomola. "Mwanayu timamuuza kuti mafunso otere aziwasiya. Sitimulanga."

"Sindifuna kuwasiya," anatero Phee. "Ndikufuna kuwayankha."

Mayi aja anadina okha. Anamvetsera mawu awo. Anamvetseranso zii uja. Kenako anakoka mpando. Anakhala pafupi ndi Phee.

"Ukunena zoona, mwana wanga. Ndinkaganiza kuti chithunzi ndi cha maso okha. Ndinalakwitsa."

Anatenga buku la mapepala. Anatsegula mutu wachinayi.

"Pano pali njuchi. Yatera pa duwa. Thupi lake lili ndi ubweya. Kutsogolo kuli mutu. Pamutu pali tinyanga tiwiri. Pamsana, mbali iyi, pali phiko lalikulu ndi laling'ono. Mbali inayo palinso lalikulu ndi laling'ono."

Phee anawerenga ndi zala. Limodzi. Awiri. Atatu.

"Anayi," anatero.

Kumbuyo amayi anaseka. "Paja ndinanena ine kuti anayi."

"Munayamba mwati awiri, amayi."

Kalasi yonse inaseka. Aphunzitsi nawonso anaseka. Anati, "Wakhoza. Funso loyamba wakhoza."

"Tsamba la njuchi ndiliwerenganso," anatero mayi aja. "Ndifotokoza zonse. Wakondwa?"

Amayi anali atafika kutsogolo. Anagwira dzanja la Phee. Ulendo uno sanamukoke.

Phee anapuma. Anakweza mutu. Analankhula kuti akumbuyo amve.

"Osati la njuchi lokha. La masamu. La mapu. Zithunzi zonse, m'mabuku onse. Ndipo mukamafotokoza musamathamange. Ifenso tikufuna kuyamba pa funso loyamba."