Dzina Lolembedwa pa Mipukutu ya Makobidi

Marjory anakulira m'nyumba yopemphera, kuseri kwa msika wa Nkando. Anali chitsiriza cha a Morris Namakhwa, mkulu wa mpingo, ndi akazi awo a Esteri. Nkhani yakeyi anaifotokoza yekha kwa achinyamata a mpingo wawo, ndipo yalembedwa pano monga momwe anainenera.

A Namakhwa anagwira ntchito zaka zambiri mu ofesi ya malipiro pa esiteti ina ya tiyi. Masiku amenewo makobidi olipirira anthu ankakulungidwa m'mapepala, timipukutu totalika ngati chala, kobidi mmodzi akuonekera kunsonga iyi, wina kunsonga inayo. Iwo akatsimikiza kuti mpukutu ndi wokwanira, ankalembapo dzina lawo. Wothyola tiyi akaona dzinalo sankamasulanso pepala, ankangoponya m'thumba n'kumapita. Makobidiwo atatha mphamvu, abwana anapatsa a Namakhwa mipukutu makumi awiri yotsala, iwo n'kuisunga m'chitini cha mabisiketi pansi pa bedi.

"Zimenezi sizingagule ndi mchere womwe," ankawaseka a Esteri.

"Sindisungira mchere, amake Marjory. Ndisungira dzina lili papepalapo."

M'chaka cha 2022 Marjory anali atamaliza Folomu 4, akungokhala pakhomo. Tsiku lina anapita ndi foni yake yosweka kwa Bizwick, mnyamata wokonza mafoni pa Chonde. Bizwick anamuonetsa gulu lina la pa intaneti.

"Taona apa, chemwali. Anthu awa akulimbirana makobidi akale, a tambala aja ndi a njovu aja. Koma wamtengo kwambiri ndi mpukutu umene sunatsegulidwepo. Amagula n'kukauika m'kabati, osautsegula mpaka imfa. Madala ako si anali ku ofesi ya malipiro?"

"Ilipo m'chitini, koma ababa sangalole."

"Ndani wati uwapemphe? Chuma chikuchita dzimbiri pansi pa bedi, iwe ukuyenda ndi foni yomanga ndi mphira."

Lamulungu lotsatira Marjory ananama kuti mutu ukumupweteka. Makolo ake atapita kutchalitchi, anakoka chitini chija n'kutengamo mipukutu iwiri. Anaijambula, naika zithunzi pagulu lija, nalemba kuti ndi ya mkulu wina wa pa Nkando amene anali kalaliki wa malipiro, munthu wosadziwa kunama. Dzuwa lisanalowe, wina wa ku Lilongwe anali atatumiza kale ndalama pafoni. Miyezi itatu isanathe, m'chitini munatsala miyala imene ankaikamo kuti chizilemerabe.

A Esteri anaona foni yatsopano, nsapato zatsopano ndi tsitsi logula.

"Marjory, zonsezi zikuchokera kuti?"

"Ndikuchita bizinesi ya pa intaneti, amayi."

"Bizinesi yanji katundu wake osaoneka? Mwanawe, chimene sungachitire pakhonde pano bambo ako akuona, chisiye."

"Inu zinthu zamasiku anozi simungazimvetse."

 Mayiwo analowa kuchipinda n'kukamupempherera.

Mipukutu inatha, koma ogula sanaleke kufunsa. Aliyense ankafuna "ya a Namakhwa ija." Marjory anabwerera kwa Bizwick kukamuuza kuti bizinesi yathera pomwepo. Bizwick anaseka, natulutsa kathumba ka mawashala, tizitsulo tozungulira tija amaika kumabawuti.

"Makobidi amodziamodzi ali mbwee m'midzi muno, agogo akuseweretsa nawo adzukulu. Uike weniweni uku, weniweni uku, pakati mawashala. Pepala ulinyike m'tiyi lioneke lakale. Kapena tiyi akusowa ku Mulanje kuno?"

"Nanga dzina?"

"Si unati anakuphunzitsa kulemba ndi iwowo, ndipo mumalemba mofanana?"

"Limenelo ndi dzina la ababa, Bizwick."

"Dzina silitha ngati sopo, chemwali. Ulembe kakhumi, ulembe kazana, iwo ali nalobe."

Marjory akuti anazengereza pa mpukutu woyamba wokha. Pofika wachisanu ankalemba uku akuimba. Anapanga mipukutu makumi anayi, ndipo yonse inagulidwa.

Koma wogula wina wa ku Blantyre, a Ashraf, anafuna kuonetsa anzake za m'kati mwa mpukutu. Anautsegula akujambula kanema. Kobidi mmodzi anagwa, kenako mawashala anakhuthukira patebulo. Iwo anatambasula pepala lija n'kuliyandikizitsa kufoni mpaka dzina la a Morris Namakhwa linawerengeka bwinobwino. Sabata isanathe kanemayo anali m'mafoni a pa Nkando, pa Chonde, mpaka m'nyumba za pa esiteti. Bizwick anatseka kashopu kake n'kuwoloka malire.

Apolisi anafika m'mawa, a Namakhwa akuyanika nandolo pabwalo. Marjory anali pakhomo, beseni lili m'manja.

"Madala, dzina ili ndi lanu?" anafunsa wapolisi, akuwapatsa pepala.

Bamboyo anavala magalasi, nayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Kenako anakweza maso n'kuyang'ana mwana wawo.

"Dzinalo ndi langa," anatero.

"Ndiye tiyeni."

 A Namakhwa anapukuta manja pathalauza n'kukwera galimoto, anthu oyandikana nawo akuonerera. Marjory anangoima pakhomo paja ndi beseni lake.

A Esteri anathamangira kuchipinda, nakoka chitini, nachikhuthulira pansi. Inali miyala yokhayokha.

"Marjory, wawaona bambo ako akukwera galimoto ija iwe uli chilili?"

"Sindikudziwapo kanthu, amayi."

Masiku awiri anakhala ndi bodza limenelo. Tsiku lachitatu mayi ake anamutuma kukapereka chakudya kupolisi. Anawapeza bambo ake atakhala pasimenti, opanda nsapato, opanda lamba, atagwira thalauza ndi dzanja limodzi. Munthu wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri. Atamuona anadzuka movutika n'kufika pazitsulo.

"Iweyo wadya, mwanawe? Waonda."

Marjory anaika chakudya pansi n'kuyamba kulira. Anapita kwa wapolisi wa pakauntala nati, "Atulutseni ababa. Analemba mapepala aja ndine."

Khoti linamulamula kukakhala kundende chaka chimodzi. A Namakhwa anatuluka tsiku lomwe Marjory anaulula, koma Lamulungu lotsatira anatula pansi udindo wawo kumpingo. Abusa anawachonderera kuti mlandu sunali wawo. Iwo anati sangaimirire kutsogolo kulangiza ana a eni ake pamene anthu akunong'onezana m'mabenchi. Ambiri anaona kanema uja, koma ochepa okha ndiwo anamva za chigamulo cha khoti.

Marjory atatuluka kundende, tsiku lina anaperekeza bambo ake kukagulitsa nandolo pa Nkando. Akudutsa pasiteji, oitanira maminibasi anayamba kukuwa, "A Mawashala, mukwera? Koma musatilipire za m'pepala." Anthu anaseka. Pakati pa osekawo panali ana a anthu amene kale ankalandira malipiro m'manja mwa a Namakhwa osamasula pepala.

Marjory anatula thumba kuti akawayankhe, koma bambo ake anamugwira mkono.

"Asiye. Akunena zimene anaona."

"Ababa, ndikhululukireni."

"Ndinakukhululukira m'mawa womwe uja, ndisanakwere galimoto. Senza thumba tizipita. Koma kanema uja sindingathe kumufufuta m'mafoni a anthu, ndipo nawenso sungathe."

Pomaliza kufotokoza, Marjory anauza achinyamata aja kuti Mulungu anamulandiranso, makolo ake anamulandiranso, koma bambo ake akuitanidwabe dzina lachipongwe lija mpaka lero, ndipo iye amalimva tsiku lililonse la msika.

Inu ana, kuba kumayamba ndi kanthu kamene mukuti mwini wake sakukagwiritsa ntchito, ndipo bodza limatsatira kuti likuphimbireni. Wokunyengererani adzathawa. Adzatsala ndi manyazi ndi amene anakuberekani. Mukamva chenjezo la mayi anu pakhonde, bwererani tsiku lomwelo. Ambuye atichitire chifundo, atisunge manja athu kuti asaononge mbiri imene ena anaivutikira moyo wawo wonse.