Mtima wa Crispin Pakanema

Mildred atabwera kuchokera kusukulu anapeza mlongo wake Crispin, kamwana ka zaka zinayi kosadziwa kukhala pansi, ali gone pamphasa, mazenera onse atatsekedwa. Thupi linali moto. Maso anali psuu, milomo itang'aluka, timanja titatupa ngati mandasi. Mildred anagwidwa ndi mantha.

"Amayi, sitibwerera naye kuchipatala?"

Amayi ake, a Josephine, anali atangotula dengu lothyolera tiyi. "Kukiliniki ya esiteti malungo sanawapeze. Anati tikabwerenso, koma a Alesi akuti n'chikuku. Mwana wa chikuku satuluka panja, mphepo imachibwezera m'kati."

A Alesiwo anali a khomo loyandikana nalo, dokotala wa m'malayini monse amene sanapondeko kusukulu ya udokotala.

"Chikuku chakenso chiti, amayi? Katemera analandira, tinapitira limodzi kusikelo. Nanga ikakhala nthenda ina, tizingomuyang'ana?"

A Josephine anamuyang'anitsitsa Crispin, kenaka anatola nsalu. "Thamanga, kaitane a Lackson a kabaza."

Kuchipatala cha boma sanawasunge, anawatumiza ku Blantyre. Kumeneko dokotala anamuyeza Crispin mofatsa.

"Si chikuku ichi, mayi. Mitsempha yake ya magazi yatupa. Nthendayi mukailekerera imawononga mitsempha yodyetsa mtima, mwana n'kuvutika moyo wake wonse. Tiyambe mankhwala lero lomwe."

Anamuika diripi, namupatsanso mapiritsi. Kutentha kutatsika, mkuluyo anadzuka n'kuyamba kulirira chigumu, ndipo posakhalitsa anesi ankachita kumuthamangitsa m'wodi. Koma Mildred mtima sunakhale pansi, poti za mtimawo dokotala anati adzanena akadzauunikanso.

Patapita milungu ingapo anabwerera. Dokotala anapaka timafuta tozizira pachifuwa cha Crispin, nayendetsapo kachipangizo. Pakanema panaoneka kanthu kakuphiriphitha.

"Kachule!" anakuwa Crispin.

"Ndi mtima wako umenewo, bwana," dokotala anaseka. Kenaka anatembenukira kwa a Josephine. "Mitsempha yonse ili bwinobwino. Munafika nthawi yabwino."

A Josephine sanafunse kuti pano m'pati. Anaimba nthungululu yomveka mpaka kukhonde, nesi n'kubwera chothamanga.

"Mayi, muno m'chipatala!"

"Pepani anesi, koma iyi yokha siibwezeka ayi!" Anaimbanso ina.

Mildred, amene masiku onse ankachita manyazi ndi phokoso la amayi ake pagulu, anapukuta misozi, naika dzanja pakamwa, n'kuwalandira nthungululuyo.